Sabata Yowongola Tadala

Lolemba, 20 Okutobala 2008

Achimwene afulasha kawiri ndili pamakina. Kwa iwo kufulasha ndiko kuimba foni, mayunitsi akhale anga. Ndawaimbira. Moni sanamalize n'komwe.

"Achemwali, ndamva kuti Tadala akumavina mumsewu atavala buluku. Ndibwera Loweruka ndidzaone ndekha. Ngati m'tauni simukumuyanja, ndidzabwerera naye kuno ku Kasiya."

Basi, adula. Ndatsala nditagwira zipi ya kasitomala m'manja, osadziwanso kuti ndimaisokera pati.

Wakanena ndani? Ndikukayikira msuweni uja anagona kuno mwezi watha atabwera kudzachotsa dzino. Wadya changa, wagona pamphasa yanga, n'kukandiulutsa kumudzi ndi mano otsalawo.

Mwanayu malemu mkulu wanga Esinati anandisiyira ine, ndi pakamwa pake, m'chipatala, Novembala wathayu. Koma tinali awiriwiri, mboni palibe, ndipo mwini mbumba ndi achimwene. Malume akati "tenga chikwama" palibe wokaniza. Ine wanga wobereka ndilibe, ukwati unathera pomwepo. Akamutenga Tadala nditsala ine ndi makina osokera. Ndikuopa, ndilembe poyera kuti ndikuopa.

Gwero la zonsezi ndi chimbale chimodzi. Anachipeza kusukulu posinthanitsa ndi ndolo zake, ndipo amakaonera kwa amake Fane, khomo loyandikana nafe pamdadada pano, chifukwa ndi okhawo ali ndi DVD. Filimu ya ana a sekondale a ku Amereka, oimba ndi kuvina kuyambira poyamba mpaka pothera. Chilowereni chimbalecho mu Biwi muno, atsikana onse a zaka khumi ndi zitatu anapenga tsiku limodzi. Wangayu ndiye mkulu wa openga. Anzake akuwatchula "magayi". Katoni ya sopo anaidula chitseko, n'kuikoleka kukhoma, m'kati kagalasi ndi zithunzi, akuti ndi loka yake, kakabati ka kusukulu konga ka m'filimumo. Ndikamutuma mchere amapita moyenda, kubwera movina.

Ndili ndi masiku asanu. Dongosolo:

1. Filimu ithe.
2. Buluku la jinzi, masikipa, nsapato zoyera zija: zibisidwe.
3. Kugwada. Bondo lizigunda pansi, osati kungogwedera ngati munthu wofuna kukhala n'kusintha maganizo.
4. "Anti" athe. Ine ndine amayi.
5. Mkulu akamalankhula, maso pansi. Mayankho ndi atatu: eya, ayi, zikomo.

M'mera mpoyamba. Uwu wakhwimako kale, koma tiyesa.

Ndamuuza atabwera kuchokera kusukulu. Wamvetsera akutafuna chingamu, kenako akuti, "Musadandaule Anti, pamapeto zonse zimakhala bhobho." Ndamufunsa kuti wamuuza ndani. Akuti ndi mmene zimathera nthawi zonse.

Lachiwiri, 21 Okutobala

M'mawa. Phunziro la kugwada asanapite kusukulu. Kutsika akutsika bwino, manja pamodzi, nkhope yaulemu, mwana wa munthu. Vuto ndi podzuka. Akudzuka mozungulira, dzanja m'mwamba, ngati akudikira kuti wina awombe m'manja. Tabwereza kasanu ndi kawiri, ine ndikumuonetsa. Kachisanu ndi chitatu bondo langa ndilo lalira.

Za "amayi" zakanika. Ndati tayesa kamodzi. Watsegula pakamwa, watseka, akuti lilime likukana. Ndaumirira, watulutsa "Amayi Anti". Ndamusiya apite, belu lingamupeze panjira.

Zobisa ndakasungitsa kwa alandilodi, aNachisale, m'chikwama chachikulu. Zovala zimenezi ndinamusankhira ndekha pakaunjika, ndikukankhana zigongono ndi azimayi anzanga pamulu. Lero ndikuzizembetsa ngati zakuba. ANachisale akuti, "Mwachita bwino. Ana a masiku ano akufunika dzanja." Iwo ana awo onse ali ku Joni, ndipo sawaimbira n'komwe.

Masana. Pakhonde la golosale pomwe ndimasokera patentha ngati pauvuni wa njerwa. Ntchito ya eni ndaiika pambali, ndikusoka diresi la Loweruka. Lalitali mpaka m'akakolo, manja aatali, khosi lotseka. Nsalu ndi yotsala pa makatani a ofesi ina, yofiirira, yokhuthala, singano ziwiri zathyokerapo. Wadzera pompo pochokera kusukulu, ndamuyesa. Wadziyang'ana nthawi yaitali pagalasi la golosale.

"Anti, ndikuoneka ngati sofa."

Ndimati ndiyankhe kuti sofa satengedwa kupita kumudzi. Ndakumbukira kuti sofa wa mayi ake anakwera lole ndi akuchimuna, pamaliro tisanasese n'komwe. Ndangoti atembenuke ndione kumbuyo.

Madzulo. Lamulo loyamba lagwa. Kwa amake Fane sanapite, zoona, koma sakufunikanso kupita. Khoma lotilekanitsa silifika kudenga, ndiye filimu yonse ikubwera yokha kudzera pamwamba. Iye ali kuno akutsuka mbale, milomo ikutsatira liwu ndi liwu, chipande chasanduka maikolofoni. Ndapita kukapempha kuti atsitseko mpaka Loweruka lidutse. Amake Fane akuti, "Malume ndi anu, asisi. Ife athu anamwalira kale."

Ndapemphera kuti magetsi azime. Magetsi amene amazima tsiku ndi tsiku ngati analembedwa ntchito yozima, lero ayaka mpaka filimu yatha, ana n'kuibwerezanso!

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndaweruka msanga kuti ndikalande chimbale. Ndalowa kwa amake Fane nkhope nditaimanga. Atsikana asanu ndi mmodzi ali pansi, Tadala pakati pawo ndi yunifolomu yomwe, lamulo langa alipondaponda. Amake Fane andikankhira mpando. Ndati sindikhala, ndangodzatenga chinthu. Kenako ndakhala, kuti ndione poipa pake ndikhale ndi umboni.

Zimene ndaona:

- Sukulu yake pansi ndi powala kuposa m'banki. Wokolopa sakuoneka.
- Mwana aliyense ali ndi kabati yakeyake yachitsulo. Ine munthu wamkulu zovala zanga zili pachingwe.
- Kope lotsegula sindinalione ngakhale limodzi. Amaphunzira nthawi yanji?
- Mmodzi akayamba kuimba pakhonde, sukulu yonse ilowerera, aliyense akudziwa popondera. Ife kwaya yathu nyimbo imodzi timaphunzira miyezi iwiri, patsikulo n'kusokonezabe.
- Akuvina pamatebulo odyera, chakudya chili pomwepo. Aphunzitsi akungomwetulira. Chikwapu palibe.
- Makolo alipo awiriawiri, onenepa.

Vuto lalikulu m'filimu yonse n'lakuti atsikana awiri akulimbirana kuima kutsogolo pa tsiku lotsekera sukulu. Basi. Wina walira nazo pabedi pakepake, m'chipinda chakechake. Ndinafuna kumubwereka mavuto anga a sabata imodzi kuti alire zomveka.

Ndawafunsa anawa kuti chikuwakomera n'chiyani. Fane akuti, "Anyamata ake sagenda." Wina wa mano otalikirana akuti, "Palibe amene amabwezedwa pageti chifukwa cha yunifolomu." Wachitatu akuti aphunzitsi ake satuma ana kukawatungira madzi. Tadala maso anali pa TV. Ndati zonsezo ndi bodza la Azungu. Akuti akudziwa, koma ndikhaleko chete, nyimbo yabwino ikubwera.

Zovala zake, ndinene zoona, ndi zosokedwa bwino. Pali siketi ina yopindapinda ndaiyang'anitsitsa kuti ndione anaidula bwanji. Nyimbo ya pamatebulo ija nayo, ngakhale ndi yamwano, ili ndi pogwira.

Kutatsala pang'ono kuti tidziwe amene aime kutsogolo, magetsi azima. Pemphero la dzulo layankhidwa lero. Ndamva munthu akuti, "Aaa, iyayi!" Ndinali ine.

Atsikana sanadandaule. Adzuka, akankhira tebulo kukhoma, amaliza filimu okha. Mawu onse, Chizungu cha m'mphuno, ndi kulira kwake komwe. Tadala ndiye amatsogolera. Mwana amene Chingelezi cha m'kalasi chimamugwetsa teremu iliyonse, apa sakuphonya ngakhale liwu limodzi. Pena waseka mutu atagadamitsa, ndendende Esinati tili atsikana. Ndayang'ana kumbali, ndati ndi fumbi.

Pamapeto atsikana awiri aja aima onse kutsogolo, agwirana manja. Ndiye ankalimbiranji poyamba pomwe?

Ndafika m'nyumba ndi pomwe ndakumbukira kuti chimbale ndachisiya. Atsala masiku awiri.

Lachinayi, 23 Okutobala

M'mawa. Mwini golosale akuti, "Amayi, nyimbo mukuimbayo ndi ya mpingo uti?" Sindimadziwa kuti ndikuimba. Phazi limapalasa makina motsatira kanyimbo ka pamatebulo kaja. Mpendero wa siketi ya kasitomala wapita mokhota ngati njira ya woledzera, ndaphwasula wonse. Matendawa ndi opatsirana.

Achimwene afulashanso. Sindinawaimbire.

Masana. Pobwerera kunyumba ndadzera pakiyosiki ya madzi, ndapeza chikhamu cha anthu. Ndimayesa ndewu. Atsikana asanu ndi anayi pamzere, zidebe pansi, akuvina. Kutsogolo Tadala, atavala buluku la Fane, lothina chifukwa Fane ndi wamng'ono thupi. Ogulitsa makala aimika njinga. Mkulu wa mpingo wathu ali poteropo, manja kumbuyo. Ndipo pakati pa oonerera, mayi uja wa kwathu ku Kasiya amene amagulitsa mtedza mumsika, wopita kumudzi Lachisanu lililonse.

Magazi andikwera kumutu. Ndamugwira pamkono gulu lonse likuona, ndamukoka mpaka kunyumba, chidebe tachisiya komweko. Ndalowa kwa amake Fane osaodira, ndatulutsa chimbale ndekha.

Zimene ndanena ndizilemba, kuti ndisadzadzinamize kuti sindinanene. Ndati, "Mayi ako chaka sichinathe ali m'manda, iwe uli kalikiliki kudzigwedeza pamsewu. Unawalira liti? Kapena unakondwa?"

Sanalire. Wandiyang'ana m'maso n'kunena motsitsa, "M'filimu muja simufa munthu, Anti. Ndaonera kambirimbiri, safa ngakhale mmodzi. N'chifukwa chake."

Ndakalipa kuti akatenge chidebe. Chimbale ndachilowetsa pamwamba pa khoma, pansi pa malata penipeni, pomwe sangafikire.

Wabwera ndi madzi. Watula. Wagwada, bondo lagunda pansi mpaka ndamva. "Madzi aja ndabweretsa, amayi." Wadzuka mowongoka, osazungulira.

Ndapambana, eti. Sindikumva kukoma kulikonse.

Lachisanu, 24 Okutobala

M'nyumba muli zii. Kuseri kwa khoma nakonso zii, ndipo amake Fane sakundiyankha moni.

Ndayang'ana dongosolo la Lolemba, ndachonga zonse zisanu. Mwana akugwada, akuti amayi, maso ali pansi. Phala wasiya, akuti zikomo. Ndamufunsa ngati mutu ukuwawa, akuti ayi. Ndamufunsa ngati wakwiya, akuti ayi. Mayankho atatuwa ndinamupatsa ndine, ndiye ndidandaulire ndani?

Ndakumbukira miyezi yoyamba titaika maliro. Anali chonchi. Ankakhala pakhomo kuyang'ana ngalande tsiku lonse, ine n'kumauza anthu kuti mwanayu ndi wofatsa. Tsiku limene anayambanso kulankhula sindinalisunge, koma lero ndikamawerenga m'mutu ndikupeza kuti ndi mwezi womwe chimbale chinabwera. Munthu woyendayenda ndi tepi m'khosi, chimenechi chokha sindinayeze.

Komabe latsala tsiku limodzi. Apirire mawa, achimwene akwere basi, Lamulungu ndimubwezera zonse. Tidzakhala limodzi kwa amake Fane, nanenso ndidzaone mathero aja pa TV yeniyeni.

Masana ndazungulira mdadada kukonza mboni, chifukwa achimwene anali mphunzitsi, ndi munthu wofunsafunsa. Aliyense ndamupatsa mawu ake:

- ANachisale: mwanayu sayendayenda, amakhala pakhomo. Ndawauza kuti asasinthe mawu zivute zitani.
- Abambo okonza mawailesi a khomo lakumapeto: sitinamumvepo akuimba kapena kuseka mokweza.
- Amake Fane: angotseka chitseko, ndi TV yomwe. Avomera osandiyang'ana.

Ndachotsanso katoni ija kukhoma, zithunzi zodula m'magazini, kagalasi, ndi mafuta onunkhira amene ndinamugulira pa Khirisimasi. Pakona pake patsala mphasa, bulangete ndi makope. Pakuoneka mwaulemu.

Cha m'ma 4 ndati ndimulimbitse mtima, ndimuonetse kuti chimbale chilipo, achilandira Lamulungu. Ndakwera pampando, ndapisa dzanja pansi pa malata, ndapsa chala. Dzuwa la Okutobala silinandidikire. Chimbale chatuluka chopindika ngati tsamba louma la mango. Ndayesa kuchiwongola ndi manja, chathetheka pakati.

Iye anali pakhomo, waona zonse. Ndati ndigula china, mumsika zilipo zambiri. Akuti, "Zikomo, amayi."

Ndathamangira kumsika. Wogulitsa zimbale akuti za ana asukulu ovina zinatha kalekale, mwina mwezi wamawa. Wandiyalira za karate, za asilikali, ndi za ku Nigeria za mfiti. Ndamufunsa ngati ali nayo ina iliyonse yosafa munthu. Waganiza, wasanthula mulu wonse, akuti ilipo ya kwaya.

Chakudya chamadzulo wangogwira n'kusiya.

Loweruka, 25 Okutobala

Afika cha m'ma 10, jekete m'dzuwa lonseli, nkhuku m'khwapa, kathumba ka mtedza m'manja. Akalamba achimwene. Tsitsi layera kuposa mmene linalili pamaliro.

Zonse zayenda monga ndinakonzera. Ndikulemba izi ndili ndi mkwiyo, ndipo wokwiyiridwa ndine ndemwe.

Tadala watuluka mu diresi la makatani. Wagwada patali. "Muli bwanji amalume?" Maso pansi. Walandira nkhuku, waipha, waisosola, waphika. Watunga madzi kawiri. Wakolopa pomwe anakolopa kale m'mawa. Madzi osamba m'manja wabweretsa atagwada. Ine ndakhala pampando, miyendo pamodzi, osagwira kanthu, kuti aone okha mmene ndamuphunzitsira ntchito. Ndimanyadira. Mulungu andikhululukire, ndimanyadira.

Pakudya amuitana kuti adye nafe. Akuti zikomo, wakadyera kuseri. Mbale yabwerera mmene inapitira.

Atatha kudya ati akawongole miyendo. Ndimawaona pazenera. ANachisale achita kuwathamangira, ndipo awonjezera ndi zawo zomwe. "Mwana ameneyu? Satuluka, bambo. Kusewera ndi anzake ayi. Ntchito basi, m'mawa mpaka madzulo. Mayi akewa ndi olimba dzanja, samusekerera." Abambo a mawailesi nawo akuti, "Chibwerereni sitinamumvepo akuseka." Mawu oti "mokweza" awaiwala. Kwa amake Fane agogoda, chitseko chotseka.

Abwerera, apempha kuona pomwe mwana amagona. Mphasa, bulangete, makope. "Zovala zake zili kuti?" Pachingwe pali yunifolomu ndi kadiresi kamodzi kakale kamene anabwera nako, kafupika kale.

Akhala pansi. Avula magalasi, awapukuta nthawi yaitali. Achimwene sakalipa. Bola akanakalipa.

"Achemwali, ine atandiuza kuti mwana akuvina mumsewu, mtima unakhala pansi. Ndinati wachira. Mayi ake pa chimtali tinkachita kuwakoka kuti atuluke m'bwalo, mwaiwala? Koma kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye ndinati ndikaone ndekha, za bulukuzo tikambirane pang'ono. Ndikanapeza wovinayo ndikanabwerera ndi jekete langa lokha. Koma uyu ndamupezayu ndi wantchito."

Ndalumpha. Ndafotokoza zonse mosokonekera, dongosolo, chimbale, mboni. Ndathamangira kwa aNachisale kukatenga chikwama, ndakhuthula pamphasa: jinzi, masikipa, nsapato zoyera. Atola sikipa imodzi, aitembenuza.

"Zovala za mwana wa m'nyumba muno zikuchokera kunyumba ya eni?"

ANachisale anditsatira kudzaonerera. Pofuna kundithandiza akuti, "Iyayi bambo, mwanayu zoterezi savala. Ine sindinamuonepo." Ndawatsinzinira diso, iwo n'kubwezera kutsinzina, n'kubwerezanso mawu omwewo mokweza.

Ndagogoda kwa amake Fane mpaka atsegula. Amvetsera manja ali m'chiuno. "Dzulo munati nditseke chitseko. Lero ndinene ziti? Za Lachinayi, zomukoka mwana ngati mbuzi?" Achimwene anali kumbuyo kwanga, amva.

Ndiye amuitana Tadala, amukhazika pafupi. "Tadala, usaope munthu. Kuno ukukhala mosangalala?"

Ndimamuyang'ana ngati mmene timayang'anira adokotala akatuluka m'chipinda. Liwu limodzi, eya, ndipo lili m'gulu la atatu aja. Kapena akanadzuka n'kuzungulira, kapena kukwera patebulo, ine ndikanamugwirira mpando.

Wayang'ana pansi. Wakhala choncho mpaka achimwene avalanso magalasi.

"Mumulongedzere. Tinyamuka mawa tikatuluka m'tchalitchi."

Ndagwada ine, mayi wamkulu, pamaso pa mchimwene wanga. Ndati ndipatseni mwezi umodzi. Akuti, "Dzukani achemwali. Sindikuti ndinu oipa. Koma mbumba iyi anandisiyira ndine, ndipo maso anga aona zimene aona." Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo lero ndagona m'nyumba imeneyo.

Ndalongedza dzuwa lisanalowe. Jinzi ndaika pansi penipeni, kagalasi ndakulunga m'sikipa. Achimwene akuti diresi la makatani lipite nawo, ndi lolimba. Kalata yosamutsira sukulu akuti ndikatenge Lolemba, ndipatsire mayi wa mtedza uja.

Ndamupeza Tadala kuseri akutsuka mapoto. Ndamuuza kuti zija ndinanena Lachinayi ndinalakwa, kuti ndikudziwa anawalira mayi ake, ndinalipo. Akuti, "Eya, amayi." Ndati unditchule Anti. Akuti, "Eya."

Lamulungu, 26 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve kalikonse. Ndimangoima ena akaima.

Kudepoti fumbi, kutentha, oitanira akukokerana chikwama. Minibasi ya ku Kasiya yatsala anthu atatu kuti idzaze. Achimwene kutsogolo, Tadala kumbuyo pawindo, chikwama pamiyendo, maso pachikwamapo. Ine panja. Zoti ndinene ndinanena dzulo, sizinalowe.

Ndiye ndachita zimene sindidzauza munthu. Ndaika Baibulo ndi kachikwama pansi, ndayamba kanyimbo ka pamatebulo kaja. Mayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, wa chilundu cha kutchalitchi ndi duku, pakati pa depoti. Mawu sindiwadziwa, ndimangotafuna Chizungu. Ndaponda kumanja, ndaponda kumanzere, ndakweza dzanja, ndazungulira, ndagunda dengu la nthochi la mayi wina.

M'filimu muja ukangoyamba, onse amataya zomwe agwira n'kulowerera. Pano palibe walowerera. Wa nthochi wanditukwana mpaka agogo anga. Kondakitala akuti, "Mami, mukukwera kapena ndi mapemphero?" Achimwene ayang'ana kutsogolo ngati sakundidziwa. Ndapitiriza mpaka pomwe ndimakumbukira, kenako ndayambiranso.

Windo latseguka pang'ono.

"Mwalakwitsa, Anti. Dzanja ndi lamanzere. Ndipo mukuchedwa kuzungulira."

Ndakweza lamanzere. Anthu atatu aja abwera nthawi imodzi, banja lonse ndi thumba la feteleza, chitseko chatsekedwa, minibasi yanyamuka ine dzanja lili m'mwamba. Ngati anaseka sindinaone, fumbi linachuluka.

Ndatola nthochi za eni, ndapepesa, ndayenda wapansi mpaka ku Biwi. ANachisale pakhomo akuti, "Koma ife mbali yathu tinayankha bwino, eti?" Ndati munayankha bwino.

Ndasesa pakona pake, kenako ndadandaula kuti ndasesa. Mawa ndikatenge kalata kusukulu, ndikamalize siketi ya eni ija. Ndamusowa kale, ndipo dzuwa silinalowe.

Ndinawafunsa achimwene tisanatuluke m'nyumba m'mawa kuti mwanayu adzabwerera liti. Akuti tidzakambirana chimanga chikacha. Chimangacho sanadzale n'komwe.